Makina osokera, ukwati, digiri kapena mfuti: María amathawa bwanji umphawi?

Ngati mudaonerapo telenovela ngakhale imodzi mpaka kumapeto, mtsikana uyu mukumudziwa. Kawirikawiri dzina lake amakhala María. Amatsika basi mumzinda waukulu ndi kachikwama kamodzi, alibe mbale, alibe ndalama yobwerera kwawo. Amapeza ntchito m'nyumba ya mpondamatiki, mnyamata wa panyumbapo n'kumuponyera diso, mayi ake a mnyamatayo n'kuyamba kumukonzera chiwembu. Pakatipo pamakhala misozi, kalata yobisidwa, khanda losinthidwa kuchipatala, ndi munthu amene tonse tidaona akuikidwa m'manda koma lero wagogoda pachitseko. Pofika gawo lomaliza, María wavala zoyera ndipo umphawi wautsanzika.

Kuchokera mu 2013, pomwe Telemundo idayamba kuoneka pa DStv ndi masewero omasuliridwa m'Chingerezi, mtsikana ameneyu wakhala mlendo wa madzulo alionse m'nyumba zambiri kuno kwathu. Enafe timamutsata pafoni, tizidutswa ta pa Facebook ndi TikTok, bandulo ikalola. Kunyozedwa nako kulipo. Anyamata amati izi n'za azimayi, koma dikirani mphindi khumi zokha, omwewo ayamba kufunsa chapansipansi kuti, "Kodi mfiti ija adaigwira?"

Ine ndimaonera, ndipo sindibisa. Chimene chimandikoka n'chakuti kwa zaka zoposa 60, masewero a Chisipanishi amenewa akhala akuzungulira funso limodzi lomwe ambirife timagona nalo n'kudzuka nalo: munthu wobadwira mu umphawi amatulukamo bwanji? Chikondi chija ndi nsalu yokutira chabe, m'kati muli nkhani ya ndalama. Yankho la funsoli lakhala likusintha malinga ndi dziko, nyengo, ndi amene walipira kuti sewerolo lipangidwe. Pa makomo otulukira amene ndawatsata, anayi ndiwo amabwerabwera: makina osokera, ukwati, digiri ndi mfuti.

Adayambitsa ndi ogulitsa sopo

Kholo la telenovela ndi wailesi. Mu 1948, wailesi ya CMQ ya ku Havana, m'dziko la Cuba, idaulutsa sewero la Félix B. Caignet lotchedwa El derecho de nacer, kutanthauza kuti ufulu wobadwa. Lidali ndi magawo 314. Mtsikana wa m'banja lolemera atenga pathupi asali pabanja, bambo ake alamula kuti khandalo liphedwe, koma mayi wantchito wachikuda athawa nalo n'kukalilera ngati lake. Mwanayo akula, akhala dokotala, ndipo tsiku lina apulumutsa moyo wa agogo ake omwe aja, onse awiri osadziwana. Mbewu ya zambiri zomwe timaonera lero ili momwemo.

Wailesi ya kanema itafika, nkhani zotere zidasamukira komweko. Ku Mexico telenovela yoyamba idaoneka mu 1958. Dzina lake Senda prohibida, njira yoletsedwa, ndipo adailemba ndi mayi, Fernanda Villeli. Idali nkhani ya mlembi wa muofesi amene adafuna kukwera msanga pochita chibwenzi ndi bwana wake wapabanja. Ndalama zopangira sewerolo zidachokera ku Colgate-Palmolive. Makampani a sopo ankafuna amayi akhale pansi ola lomwelo tsiku lililonse kuti aone malonda awo, n'chifukwa chake gawo lililonse limathera pomwe mtima uli m'mwamba. Chitseko chikatseguka kenaka nyimbo n'kuyamba musanaone wolowayo, amachita dala. Akufuna mubwerenso mawa.

Chosiyanitsa telenovela ndi masewero ena a ku America kapena ku South Africa, aja amatha zaka makumi osafika kumapeto, n'chakuti iyo imalembedwa kuti idzathe. Kawirikawiri imatenga miyezi ingapo ikuoneka Lolemba mpaka Lachisanu, basi yatha. Ndiye poti mapeto alipo, wolemba sangazembe. Ayenera kutiuza ngati mtsikana uja watuluka mu umphawi, ndipo ayenera kutionetsa khomo lomwe watulukira.

Khomo loyamba: makina osokera

Kuyambira mu 1969 mpaka 1971, kanema wa Panamericana ku Peru adaonetsa Simplemente María, tingoti María basi, sewero la magawo 448 lomwe nkhani yake adayamba kuilemba ndi Celia Alcántara wa ku Argentina. María, yemwe adamusewera ndi Saby Kamalich, achoka kumudzi kumapiri kupita ku likulu la dzikolo, Lima, kukagwira ntchito ya m'nyumba. Mnyamata wa m'banja lolemera amunamiza, amupatsa mimba, amuthawa. Ntchito ija itha. Mpaka apa palibe chachilendo.

Chachilendo n'chimene María adachita pambuyo pake. Madzulo ankapita kwa mphunzitsi Esteban kukaphunzira kulemba ndi kuwerenga, monga zimakhalira m'sukulu za kwacha kuno. Adaphunziranso kusoka, n'kuyamba kulandira nsalu za anthu pa makina a Singer. Pang'onopang'ono geni idakula, mpaka adakhala mwini kampani ya zovala yodziwika ngakhale kunja kwa dziko. Palibe mwamuna wolemera adamunyamula, palibe chuma cha masiye chidamugwera. Esteban, mphunzitsi uja, adakwatirana naye atalemera kale payekha.

Zomwe zidachitika kunja kwa kanema ndizo zidadabwitsa akatswiri. Atsikana antchito ku Lima adayamba kulembetsa maphunziro a kwacha ndi a zosoka. Makina a Singer adayenda malonda moti kampaniyo idapatsa Kamalich kamakina ka golide pothokoza. Tsiku lojambula ukwati wa María ndi Esteban, anthu masauzande adakhamukira kutchalitchi atatchena, ena atanyamula mphatso, ngati akukwatiwayo ndi mbale wawo.

Ku Mexico, katswiri wa zisudzo Miguel Sabido adaziona izi n'kudzifunsa kuti, ngati sewero lasintha anthu mosayembekezera, bwanji osachita dala? Mu 1975 adapanga Ven conmigo pa kanema wa Televisa, lolimbikitsa akuluakulu kubwerera kusukulu, ndipo mu 1977 adapanga Acompáñame, la nkhani za kulera. Njira yake, yomwe idatsamira pa maphunziro a katswiri wa za maganizo Albert Bandura, ndi yosavuta kumva. M'sewero mukhale wochita zabwino, wochita zoipa, ndi wachitatu wokayikakayika ngati ine ndi inu, amene azisintha pang'onopang'ono ife tikuona. Njirayi idafika ku India ndi Hum Log mu 1984, idafikanso kwa anansi athu ku Tanzania ndi sewero la pawailesi la Twende na Wakati mu 1993. Ifeyo ku koleji dzina la Sabido tidalilemba pamayeso. Amene mudakula mukumvera Zimachitika kapena kuonera Tikuferanji, kukoma kwa sewero lophunzitsa mukukudziwa kale.

Koma tisakokomeze. María wa makina adali mmodzi, pomwe atsikana antchito ku Lima adali ambirimbiri, ndipo si onse akadakhala eni makampani ngakhale akadasoka usiku ndi usana. Ubwino wake, sewerolo lidawalozera chinthu chomwe akadatha kuchiyamba mawa lake ndi manja awo.

Khomo lachiwiri: ukwati ndi magazi

Ili ndiye lidagulitsa mopanda mnzake. Mu 1979 Televisa idatulutsa Los ricos también lloran, olemera nawonso amalira, momwe Verónica Castro adasewera Mariana, mtsikana wolandidwa chuma cha bambo ake amene atoledwa ndi banja lolemera n'kudzakwatiwa ndi mwana wa panyumbapo. Mu 1992 sewero limeneli lidaoneka ku Russia, Soviet Union itangogwa kumene, mitengo ya zinthu ikukwera tsiku ndi tsiku. Anthu mamiliyoni adamatirira pa kanema, ndipo Castro atapita ku Moscow chaka chomwecho adamulandira ngati mtsogoleri wa dziko.

Kenaka kudabwera Thalía ndi a María ake atatu: María Mercedes mu 1992, Marimar mu 1994, ndi María la del Barrio mu 1995. Woyamba amagulitsa matikiti a lotale mumsewu, wachiwiri amakhala m'kanyumba ka m'mphepete mwa nyanja ndi agogo ake, wachitatu amatola zinthu kumtaya. Marimar itaoneka ku Philippines mu 1996 m'chinenero cha Tagalog, Thalía adafika ku Manila n'kulandiridwa ndi Pulezidenti Fidel Ramos. Ndipo ngati mudatumizirapo mnzanu pa WhatsApp kachithunzi ka mayi wolira mokokomeza, kolembedwa kuti akulira m'Chisipanishi, ameneyo ndi Soraya Montenegro, mfiti ya mu María la del Barrio, yemwe adamusewera ndi Itatí Cantoral.

Tiyeni timuone bwino Marimar. Sadziwa kuwerenga. Sergio, mwana wa mwini esiteti, amukwatira pofuna kupsetsa mtima bambo ake ndi mayi ake omupeza, Angélica. Angélica amuzunza mpaka kumutoletsa chibangili m'matope ndi mano. Nanga atuluka bwanji? Zidziwika kuti bambo ake omubereka ndi Gustavo Aldama, munthu wa chuma chosaneneka. Marimar asintha dzina, asintha zovala, abwerera kudzabwezera chipongwe. Amaphunzira inde, koma ndalama yomwe yamukweza waipeza chifukwa cha magazi.

Uthenga wake ndi wokoma kumva, koma ukauganizira umawawa. Ukutanthauza kuti Marimar sadali mmphawi weniweni, adali mwana wa olemera amene adangosochera. Anzake a m'mudzi wa asodzi uja, amene alibe bambo wobisika, atsala momwemo. Kwathu kuno timati watola chikwama. Vuto la chikwama n'lakuti sungachikonzekere, umangodikira kuti kaya chigwa liti.

Amene ankalipira masewerowa sankabisa cholinga chawo. Mu 1993 mwini wake wa Televisa, Emilio Azcárraga Milmo, adanena poyera kuti Mexico ndi dziko la anthu osauka omwe sadzatuluka mu umphawi wawo, ndipo ntchito ya kanema ndi kuwasangalatsa kuti aiwaleko mavuto. Mkulu yemweyu ankadzitcha msilikali wa PRI, chipani chomwe chidalamulira Mexico zaka 71 mpaka 2000. Ndiye mukamaona mtsikana atagwada pamaso pa Namwali wa ku Guadalupe, akupirira, akudikira, dziwani kuti kupirira kumeneko kudali ndi anthu omwe kunkawapindulira.

Onaninso khungu. M'dziko lomwe anthu ambiri ndi oderako, María amene amakwatiwa pamapeto amakhala woyera, wa tsitsi lofewa, pomwe wa khungu loderayo amangobweretsa khofi n'kutuluka. Ife oonera a kuno, kumene mafuta oyeretsa khungu ali mbwee pamsika, tisamachite ngati zimenezi sitikuziona.

Khomo lachitatu: digiri

Ili limandikhudza ine ndi anzanga amene tili ndi mapepala m'chikwama. Mu Okutobala 1999 kanema wa RCN ku Colombia adayamba kuonetsa Yo soy Betty, la fea, ndine Betty wosaoneka bwino uja, lolembedwa ndi Fernando Gaitán. Chaka chimenecho chuma cha Colombia chidali chitagwa kwambiri ndipo ulova udali paliponse. Beatriz Pinzón Solano, yemwe adamusewera ndi Ana María Orozco, ali ndi digiri ya zachuma ndi ina yapamwamba pake, mutu wakuthwa, koma kulikonse amamubweza akangomuona: magalasi akuluakulu, mawaya m'mano, zovala za chikalekale. Mapeto ake avomera ntchito ya ulembi pa kampani ya zovala ya Ecomoda, komwe amuika m'kachipinda kosungiramo katundu kuti alendo asamuone. Pakhomo pa bwana akhazikapo Patricia, wokongola, yemwe sukulu adaisiyira panjira koma ndi mnzake wa chibwenzi cha bwanayo.

Ndani wa ife sakuidziwa nkhani imeneyi? Ine ndidazungulirapo maofesi ndi envulopu ya khaki, n'kudzamva pambuyo pake kuti malo aja adali ndi mwini wake kale tisanalembe n'komwe kalata. Betty amatiuza zoona zomwe Marimar adabisa: sukulu payokha siitsegula chitseko. Pali nkhope, pali dzina la bambo ako, pali amene ukumudziwa m'katimo.

Sewerolo silidamusandutse Betty mngelo. Bwana wake Armando atalowetsa kampani m'ngongole, ndi Betty amene akonza mabuku abodza oonetsa eni masheya, ndipo kampani ina yobisira chuma ilembedwa m'dzina lake. Armando, poopa kuti Betty angamulande zonse, ayamba kumunamiza kuti akumukonda. Pena pake ogulitsa nsalu amulonjeza Betty chiphuphu chachikulu, ndipo anthu a ku Colombia adaikambirana nkhaniyo ngati kuti woyesedwayo ndi nduna yeniyeni ya boma. Adakana. Kumapeto Betty akhala mkulu wa Ecomoda chifukwa ndi yekhayo amene angaipulumutse.

Anthu a m'maiko ambiri adaona ngati nkhaniyo ndi yawo. India idapanga yake, Jassi Jaissi Koi Nahin, mu 2003. America idapanga Ugly Betty mu 2006, South Africa idapanga uBettina Wethu mu 2021, ndipo mu 2010 a Guinness World Records adaitcha telenovela yopambana zonse. Koma ngakhale Gaitán sadathe kuzemba zofuna za msika. Asanakhale pampando, Betty akonzedwa tsitsi, avala zamakono, kenaka akwatiwa ndi Armando yemwe ankamunyoza uja. Mpaka lero okonda sewerolo amagawanika pa ukwati umenewu. Ine ndili mbali ya amene amati mpando wokhawo udali wokwanira.

Khomo lachinayi: mfuti

Ili ndi lomwe ladzaza mafoni athu masiku ano. Mu 2006 kanema wa Caracol ku Colombia adaonetsa Sin tetas no hay paraíso, popanda mabere palibe paradaiso, kuchokera m'buku la Gustavo Bolívar. Catalina, mtsikana wa mumzinda wa Pereira, aona anzake akubwera ndi zovala ndi ndalama kuchokera kwa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Iye akhulupirira kuti chomwe chikumutsekereza ndi chifuwa chake chaching'ono, ndiye achita chilichonse kuti apeze opaleshoni. Opaleshoniyo imuwononga thupi, ndipo nkhani ithera pa imfa yake. Anthu a ku Pereira adachita zionetsero kuti sewerolo likuipitsa dzina la mzinda wawo ndi la atsikana ake. Telemundo idalipanganso mu 2008, ndipo poti lidagulitsa, patapita zaka Catalina adamudzutsa kwa akufa kuti nkhani ipitirire.

Kenaka Teresa Mendoza. La Reina del Sur, mfumukazi ya kumwera, idachokera m'buku la Arturo Pérez-Reverte la 2002, ndipo Telemundo idaionetsa mu 2011 ndi Kate del Castillo. Teresa amasintha madola mumsewu ku Culiacán, m'chigawo cha Sinaloa ku Mexico. Chibwenzi chake, woyendetsa ndege za ozembetsa mankhwala, chitachitidwa chiwembu, iye athawira ku Melilla, mzinda wa Spain womwe uli pagombe la kumpoto kwa Africa. M'zaka zochepa akhala mwini njira zozembetsera katundu kumwera kwa Spain. Teresa sadikira mwamuna, sadikira chuma cha masiye. Masamu amawadziwa, amuna onyamula mfuti amamumvera. N'chifukwa chake atsikana ambiri amamukonda, ndipo ine ndikuwamvetsa. Titatha zaka tikuonera María akulira, kuona mkazi amene akuopedwa kumatsitsimula ndithu.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuseri kwa masewero amenewa kuli maliro enieni. Kuchokera mu Disembala 2006, pomwe boma la Felipe Calderón lidatumiza asilikali kukalimbana ndi magulu ozembetsa mankhwala, anthu masauzande mazanamazana aphedwa ku Mexico, ndipo mu 2022 chiwerengero cha boma cha anthu osowa chidadutsa 100,000. Kuli amayi amene amayenda m'tchire ndi mafosholo kufunafuna mafupa a ana awo. Amenewo simudzawaona atatchena pa chithunzi choitanira anthu ku sewero.

Mu 2015 sewero ndi moyo weniweni zidasakanikirana. Kate del Castillo, pamodzi ndi Sean Penn wa ku Hollywood, adakakumana mobisa ndi Joaquín "El Chapo" Guzmán, mkulu wa gulu la Sinaloa amene adali atathawa kundende. Guzmán ankafuna filimu ya moyo wake. Adagwidwanso mu Januwale 2016, ndipo lero akugwira ukaidi wa moyo wonse ku America. Taganizani: munthu wosakidwa ndi maiko awiri kuika moyo wake pachiswe chifukwa chofuna kuti nkhani yake ioneke pa kanema. Mphamvu ya sewero ankaidziwa kuposa ife amene timati n'zongotayitsa nthawi.

Si onse a mtundu umenewu amene amakometsera chigawenga. Escobar, el patrón del mal la 2012 adalipanga ndi Juana Uribe ndi Camilo Cano, omwe abale awo adabedwa kapena kuphedwa ndi gulu la Pablo Escobar. Bambo ake a Cano, mkonzi wa nyuzipepala ya El Espectador, adawomberedwa mu 1986. Awiriwa adafuna kuti ophedwawo asaiwalike. Komabe kamera ikakhala pa munthu mmodzi magawo ambirimbiri, timayamba kumuchemerera osadziwa, ndipo amene anyamata amamutsanzira kayankhulidwe ndi Escobar yemweyo.

María amene sadatuluke

Mu 2018 Alfonso Cuarón wa ku Mexico adatulutsa filimu ya Roma, yofotokoza za Cleo, mtsikana wantchito wa mtundu wa Mixtec m'nyumba ya dokotala ku Mexico City m'zaka za 1970 ndi 1971, nthawi yomweyo imene María wa makina ankaoneka ku Peru. Nkhaniyo Cuarón adaitenga pa mayi amene adamulera iye mwini. Cleo nayenso apatsidwa mimba n'kuthawidwa. Mwana abadwa wakufa. Pasanapite nthawi, Cleo, wosadziwa kusambira, alowa m'nyanja kupulumutsa ana a abwana ake. Onse amukumbatira, amuuza kuti amamukonda. Atabwerera kunyumba, ana akhala pansi kufotokoza za ulendo, Cleo anyamula zovala kukwera nazo padenga kukachapa. Filimu yathera pomwepo. Palibe zoyera, palibe bambo wobisika.

Yalitza Aparicio, yemwe adasewera Cleo, adali atangomaliza maphunziro a uphunzitsi ku Oaxaca ndipo adali asadasewerepo filimu. Adapikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya mkazi wosewera bwino, filimuyo n'kutenga ma Oscar atatu. Kwawo ena adamunyoza chifukwa cha khungu ndi mtundu wake, kuphatikizapo mkulu wina wodziwika wa m'matelenovela amene pambuyo pake adapepesa.

M'miyezi yomweyo, khomo la a Cleo enieni lidatsegukako. Mu Disembala 2018 khoti lalikulu la Mexico lidagamula kuti n'kuphwanya malamulo a dziko kusiya antchito a m'nyumba kunja kwa ndondomeko ya boma ya chithandizo cha kuchipatala ndi penshoni. Mlanduwo adaubweretsa ndi mayi wachikulire amene adagwira ntchito m'banja limodzi zaka zoposa 50. Kumbuyo kwake kudali khama la anthu ngati Marcelina Bautista, amene adayamba ntchito ya m'nyumba ali ndi zaka 14 n'kudzatsogolera kukhazikitsa bungwe la antchito a m'nyumba mu 2015. Anthu oposa 2 miliyoni amagwira ntchito imeneyi ku Mexico, ambiri mwa iwo amayi. Kulembetsa kukuyenda pang'onopang'ono, koma lamulo lilipo. Misonkhano ndi mapepala a kukhoti sizingakometse sewero la magawo 200, n'chifukwa chake khomo limeneli silionekaoneka pa kanema. Komatu mwa onsewa, ndi lokhalo lomwe anthu ambiri angadutsepo nthawi imodzi.

Sindikuti tisiye kuonera, ayi. Munthu wotopa ali ndi ufulu wolira ndi kuseka ndi anthu a pa kanema, ndipo olemba a ku Mexico, Colombia ndi Miami ntchito yawo amaidziwa. Pempho langa ndi laling'ono. Sewero likamafika kumapeto, dzifunseni: mtsikana uyu watulukira khomo liti? Khomo limenelo ine ndingadutsepo, kapena likufuna bambo wobisika, nkhope ina, kapena mtembo wa munthu? Nanga anzake aja adayamba nawo gawo loyamba ali kuti?

Funso lomaliza ndi la ife amene timaonera tili pa sofa. M'nyumba zambiri za m'tauni muli mtsikana wochokera kumudzi amene amaonera ataima pakhomo la kukhitchini, mbale zikumudikira. Mwina sukulu adaisiyira Sitandade 6, mwina malipiro a mwezi watha sadalandire. Timalirira María wa ku Mexico mpaka kupukuta misozi, kenaka n'kumukalipira uyu kuti tiyi wachedwa. Gawo la lero likatha, mufunseni ngati akufuna kubwerera kusukulu, ndipo onetsetsani kuti ndalama yake ya mwezi uno yatuluka pa tsiku lake.